Tsiku Limene Mayi Mligo Anakhala pa Benchi

Chinthu chimodzi sindinachimvetse pa Mayi Adolofina Mligo, ngakhale ndinagwira nawo ntchito zaka pafupifupi makumi awiri pa chipatala chathu cha mishoni, kuseri kwa mapiri a Njombe. Sindinadziwe ngati ntchito yawo ankaikonda kapena ankadana nayo. Mukamva za pakamwa pawo munkati mawa lomwe asiya, koma mawalo likafika ankayamba ndi iwo kutsegula chitseko. Ine ndinaleredwa ndi ansembe amene ankati munthu azichita chimene wanena, tsono anthu a mtundu wa Mayi Mligo amandisokoneza mpaka lero.

Ntchito yawo inali yogonetsa odwala pa opaleshoni. Anali namwino ngati anzawo, koma adakali mtsikana asisitere anawatumiza ku Moshi kukaphunzira mankhwala a tulo, ndipo chibwerereni wodziwa ntchitoyo pa chipatala chonse anali iwo okha. Dokotala ankang'amba, ine ndinkawiritsa mipeni ndi malumo m'kachipinda ka pambali pa fiyeta, chipinda chochitiramo opaleshoni, koma wosunga mpweya wa munthu amene wagona pa tebulo anali iwo. Malo awo anali kumutu kwa wodwala, kuseri kwa nsalu yobiriwira, pa kampando kachitsulo kopindika mwendo. Anthu a m'midzi ankawatchula Mayi Tulo, koma nkhope yawo ambiri sankaidziwa. Ankakumana nawo atavala chipewa ndi kansalu kotseka pakamwa, ndipo asanawayang'anitsitse n'komwe tulo tinali titawatenga.

Kukhala wekha pa ntchito yotere ndi chingwe. Foni ya chipatala inkalendewera m'khosi mwawo masiku onse a chaka. Munda wawo wa mbatatesi anausiya chifukwa unali kutali. M'tchalitchi ankakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo. Pa ukwati wa mwana wawo ku Mbeya anatchena bwinobwino n'kufika pa siteji ya basi, foni n'kulira kuti mayi wina woyembekezera wabwera akutaya magazi. Anamugonetsa mayiyo iwo akadali ndi duku la ukwati kunsi kwa chipewa, ndipo ukwatiwo anauonera pa zithunzi.

"Ine ndine mbuzi ya pachingwe, Katekisiti," ankandiuza choncho tikamamwa tiyi. Dzina langa ndi Ignasi Mtweve, koma iwo ankanditchula Katekisiti poti sindimwa mowa ndipo kunama sindidziwa. "Komatu mbuzi amaisinthako malo msipu ukatha. Ine chikhomo changa anachithira simenti."

Anzawo amene anaphunzira nawo unamwino anali atakhala mabwana a mawodi, ena anali ndi maofesi ku boma. Iwo maphunziro a tulo sanawakweze ngakhale pang'ono, poti pamwamba pa wogonetsa odwala panalibe mpando wina woti n'kukwerapo. Chimene ankalandira chochuluka ndi mayamiko. Pa chikondwerero chilichonse Sisitere wamkulu ankaimirira n'kunena kuti Mayi Mligo ndi mzati wa chipatala. Ine mawu otere ndimawaopa. Ndaona kuti pa mishoni akakuyamika pagulu ndiye kuti tchuthi chako chakanidwa kale. Mzati suyenda.

Dokotala wathu wa opaleshoni anali Komba, Mngoni wa ku Songea, munthu wamtali wa dazi. Angoni ndi Abena, eni dera la Njombe, makolo awo anamenyana kalekale, ndipo nkhondo itatha anatsala ndi ya pakamwa. Amanyozana ngati asuweni, wina sakwiya. Mayi Mligo anali Mbena, tsono m'fiyeta munkakhala phokoso ngakhale mimba ya munthu ili yotsegula.

"Mbena iwe, wodwala wako akugwedeza mwendo," ankatero Komba. "Mankhwala atha? Mupatse mowa wanu wa nsungwi uja, umagonetsa mudzi wonse."

"Soka msanga, Mngoni iwe. Agogo ako ankabaya kamodzi n'kubwerera kwawo. Iwe ukusoka ngati ukuluka mphasa."

Odwala akachira, abale awo ankabwera ndi nkhuku, mapeyala, nthawi zina thumba la mbatatesi, zonse za dokotala. Komba ankadutsa nazo dala pamaso pa Mayi Mligo, nkhuku ikukupiza mapiko.

"Wodula amakumbukiridwa poti amasiya chipsera," ankadandaula iwo. "Ine ndimawasiyira chiyani? Nseru basi. Tsiku limene adzabwere wondilowa m'malo, simudzaona ngakhale fumbi langa."

Asisitere anayesetsa ndithu. Anatumiza anamwino awiri kukaphunzira, wina pambuyo pa mnzake, ndipo onse atangolandira mapepala analowera ku Dar es Salaam, kumene ogonetsa odwala amawalimbirana ngati nyama ya pa Khirisimasi. Mayi Mligo anawatukwana sabata yathunthu, kenako anati akanabwerera kuno akanawaona opusa. Wachitatu anali Deo Sanga, bambo wa ana atatu, namwino wofatsa wa ku wodi ya abambo. Asisitere anamusankha mochenjera, poti mkazi wake anali ndi golosale pa msika wathu, ndipo ananeneratu kuti uyu akathawa satumizanso wina. Deo anabwerera. Tsiku limenelo Mayi Mligo anavina pakhonde la fiyeta, anamugulira Deo zoziziritsa kukhosi ndi mandasi, n'kulengeza kuti mwezi ukatha iwo akunyamuka.

Mwezi unatha. Dzinja linatha, kunabwera chisanu cha mu Juni chimene chimaumitsa zala. Mayi Mligo anali pa kampando kawo, Deo ataimirira kumbuyo kwawo manja ali kumsana ngati mlonda.

Sikuti Deo ankalakwitsa. Ankakonza zonse mwadongosolo, mankhwala, mapaipi, kamakina kopanira pa chala kamene kamalira mogwirizana ndi mtima wa wodwala. Koma akangotenga jakisoni kuti abaye, dzanja la Mayi Mligo linali litafika kale.

"Taima kaye, mwanawe, uyu ndi wonenepa, ndikuonetse."

Wotsatira anali woonda kwambiri. Wina anali mwana, wina nkhalamba, wina anali mlamu wa Sisitere wamkulu. Wodwala woyenera Deo sanabadwe. Munthu amene anaphunzira ku Moshi ntchito yake inakhala yokankha machira ndi kugubuduza mabotolo a mpweya.

Tsiku lina masana Deo anabwera m'kachipinda kanga, anatseka chitseko n'kutsamira khoma.

"Achimwene, msuweni wanga wandipezera malo ku Dar es Salaam. Mwezi uno ukatha ndikupita. Mayi a kunyumba akulira za golosale, koma manja angawa ayamba kuiwala."

"Bwanji osawauza Mayi Mligo?"

"Ndiwauze kuti chiyani? Kuti asunthe? Munthu amene anagonetsa amayi anga pamene ankachira mng'ono wanga? Pakamwa pangapa sipangatseguke."

Sisitere wamkulu nayenso pakamwa pake sipakanatseguka. Mzati umene wauyamika zaka zonsezi sungauuze kuti ukutchinga njira. Ndinayesa ine, mwaulemu, kuwauza Mayi Mligo kuti Deo akachoka iwo adzakalambira pa kampando kaja, foni ili m'khosi mpaka tsiku lowaika m'bokosi.

"Ukuyesa sindikudziwa?" anayankha akupukuta magalasi awo. "Ndikudziwa kuposa iwe. Ndikumukonza kaye. Mwezi wamawa."

Ndinakamuuza Komba nkhani yonse. Anakanda dazi lake n'kuseka.

"Nonsenu mumamulemekeza kwambiri, ndiye vuto lake. Mbena salankhulidwa ndi ulemu. Ndisiyireni ine."

Mwambo wake ndi wotere. Mngoni akhoza kubwera pa maliro a bambo ako n'kulanda mbuzi, kapena kukhala m'dzenje la manda n'kukana kutuluka, ndipo iwe Mbena uyenera kuseka. Ukakwiya wachititsa manyazi mtundu wako wonse. Chimene Sisitere ndi bishopu yemwe sakanatha kuchita, Komba anali nacho ufulu kuchokera kwa makolo.

Anasankha tsiku la opaleshoni yaikulu. Kunali mayi wina wa ku mapiri wa chithokomiro chachikulu ngati papaya, chimene chinkamupanikiza kholingo. Opaleshoni yotere imavuta wogonetsa kuposa wodula, poti kapaipi ka mpweya kayenera kudutsa pakhosi popapatiza, ndipo dokotala amagwira ntchito pompo pamene mpweya ukudutsa. Mayi Mligo anali ataikonzekera kuyambira Lolemba. M'mawa wa tsikulo Komba analawirira, anasonkhanitsa majombo oyera onse amene analibe mwini, pamodzi ndi a Mayi Mligo, n'kudzawaunjika pansi pa tebulo langa. M'fiyeta munthu salowa ndi nsapato za panja. Lamulo limenelo amene ankalisunga mwaukali anali Mayi Mligo eni ake. Anabwezapo wansembe pakhomo atabwera kudzadzoza wodwala.

Ndinawamva Mayi Mligo akutsegula makabati, kenako anatulukira pa chitseko changa.

"Katekisiti, majombo anga ali kuti?"

"Ndikudziwa kumene ali, mayi, koma sindinena."

"Ha! Nawenso wayamba liti?"

Komba anasuzumira pa chitseko cha fiyeta, atasamba kale m'manja, mikono ili m'mwamba.

"Ndalanda ine, Mbena iwe. Ndi katundu wa nkhondo. Lero ukhala panja uone mmene dzuwa limaonekera."

"Komba, usachite masewera. Mayi uja khosi lake ndi lopapatiza ngati bango."

"Sanga waliona. Kapena wakwiya? Nena kuti wakwiya, ndikalengeze pa msika kuti Abena masiku ano amalira Mngoni akawalanda nsapato."

Mayi Mligo anayang'ana nsapato zawo za panja. Anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa munthu amene waponda minga pamaso pa apongozi. Chitseko chinatsekedwa, loko n'kulira.

Panja pa fiyeta pali benchi yamatabwa imene abale a odwala amadikirirapo, ndipo zenera la kachipinda kanga lili pamwamba pake penipeni. Zaka zonsezi Mayi Mligo ankaidutsa benchiyo mothamanga. Tsiku limenelo anakhalapo, atafunda chitenje pamwamba pa juzi, ngati mayi wina aliyense. Kumapeto kwake kunali bambo wachikulire wocheka matabwa, dzina lake Luvanda, mwamuna wa wodwala uja. Anali ndi fulasiki ya tiyi, ndipo pakati pa miyendo yake panali dengu lokhala ndi tambala wofiira.

"Nanunso muli ndi wanu m'katimo, mayi?" anafunsa bamboyo.

Mayi Mligo anayang'ana chitseko. "Eya, ndili naye."

"Musade nkhawa. Muli Mayi Tulo m'menemo. Akuti ndi nkhalamba yaukali zedi, mano anatha kale m'kamwa, koma amene yamugonetsa amadzuka."

"Mano anatha?"

"Akutero anthu. N'chifukwa chake imatseka pakamwa ndi kansalu."

Ine ndinaweramira m'poto wa zida kuti asandimve. Mayi Mligo anayendetsa lilime pa mano awo, onse alipo, n'kuloza dengu ndi chibwano.

"Ndiye tambalayu mwawatengera iwowo?"

"Ayi, uyu ndi wa adokotala. Kugonetsa munthu ndi ntchito kodi? Mkazi wanga amagona yekha ndikangoyamba kumuuza za mitengo ya matabwa."

Anawathirira tiyi m'chivundikiro cha fulasiki. Iwo analandira ndi manja awiri, koma sanamwe. Makutu awo anali ku khoma. Kamakina ka pa chala kankamveka mpaka panja, ti, ti, ti, ndipo ndinaona chala chawo chikugogoda bondo motsatira. Kanayenda bwino nthawi yaitali. Bambo Luvanda anafotokoza za nkhumba zawo, za mvula, za mwana wawo amene anakana sukulu. Kenako kulira kuja kunasintha. Kunatsika mawu, ngati munthu amene akuimba nyimbo akutsetsereka phiri. Ngakhale ine wowiritsa mipeni ndikudziwa kuti kukatero ndiye kuti mpweya ukuchepa m'magazi.

Mayi Mligo anaika tiyi pansi. Anavula nsapato zawo, zonse ziwiri, n'kuimirira chosavala pa simenti yozizira ija. Ankafuna akagogode, alowe opanda nsapato. Ndikhulupirira kuti Komba akanatsegula, ndipo Deo akanasuntha mwaulemu, ndipo mwezi ukanatha iye atakwera basi ya ku Dar es Salaam.

Bambo Luvanda anawagwira nsonga ya chitenje.

"Khalani pansi, mayi, amaletsa. Ife a panja ntchito yathu ndi kudikira. Asiyeni odziwa agwire ntchito."

Anaima choncho, chitenje chili m'dzanja la munthu wosawadziwa, maso ali pa chitseko. Anandiyang'ana pa zenera. Ine ndinangopitiriza kupukuta lumo limene linali louma kale. Kenako anakhala pansi pang'onopang'ono, manja ali pakati pa mawondo. Milomo yawo inkagwedera. Kaya ankapemphera kaya ankamuuza Deo zochita kudzera m'khoma, sindikudziwa. Patapita kanthawi kamene kanaoneka ngati chaka, kulira kuja kunayamba kukwera, kunakwera, mpaka kunabwerera pamalo pake.

"Mwaona?" anatero Bambo Luvanda, amene sanamve kusintha kulikonse. "Imwani tiyi, wazizira."

Anamwa yense.

Chitseko chitatsegulidwa Deo anatuluka akukankha machira. Mayi wa chithokomiro uja anali maso, khosi lili ndi bandeji, ndipo ndi mawu osasa anafunsa mwamuna wake ngati nkhumba wazisiyira madeya. Bambo Luvanda anamudutsa Deo ngati akudutsa mtengo, anakagwada pamaso pa Komba n'kupereka tambala ndi manja awiri.

Mayi Mligo, adakali chosavala, anamuimitsa Deo pakhonde.

"Chinachitika n'chiyani?"

"Kapaipi kanapindika pamene adokotala ankakoka chotupa, mayi. Ndinawauza aime, ndinakawongola."

"Unamuuza Mngoni kuti aime? N'kuima?"

"Anaima, mayi."

"Ukanakamata bwino poyamba pomwe."

"Eya, mayi."

Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kufunafuna cholakwa china, koma sanachipeze. Anavula foni m'khosi mwawo n'kumuveka Deo, monga amavekera mendulo ana olandira ulimbitso kutchalitchi.

"Ikalira uli m'bafa, utuluke ndi sopo yemweyo."

Atatero anatembenukira kwa Komba, amene ankabwera monyadira ndi tambala kukhwapa.

"Majombo ako ukawombole, Mbena iwe. Botolo la uchi likwanira."

"Khala nawo, ukavale pa ukwati." Anatambasula dzanja n'kumutsomphola tambala uja. "Kulanda si kwa Angoni okha. Uyu ndi katundu wa nkhondo. Kapena wakwiya?"

Bambo Luvanda anadzidzimuka. "Adokotala, mayi awa akutenga nkhuku yanu! Ndi ndani kodi?"

"Wakuba wina wa ku Ubena, bambo. Musiyeni, sanalawepo nkhuku chibadwire."

Deo anamuyang'ana tambalayo ndi diso lachiyembekezo, poti kunena zoona anali wake. Mayi Mligo anamuona.

"Iwe udikire zaka zako makumi atatu."

Deo sanapite ku Dar es Salaam. Mayi Mligo anakapempha tchuthi chonse chimene sanapume chiyambire ntchito, ndipo Sisitere wamkulu atachiphatikiza anapeza kuti chikukafika pa nthawi yawo yopuma pa ntchito. Anavomera ndi misozi, n'kulamula kuti Lamlungu lotsatira kukhale phwando lotsanzikana, kwaya iimbe, anthu alankhule. Ine anandipatsa ndime yoti ndinene m'malo mwa a ku fiyeta, ndipo sabata imeneyo chakudya sichinkandikomera.

Loweruka m'mawa, nkhungu isanachoke m'mitengo ya paini, Mayi Mligo anagogoda pakhomo panga.

"Katekisiti, tandinyamulire chikwamachi ukandisiye pa siteji."

"Nanga phwando la mawa?"

"Mudye mpunga, muyamike mpando. Ndikakhalapo, Sisitere adzanena kuti ndine mzati, ine ndidzalira, Lolemba mudzandipeza ndikugubuduzira Deo mabotolo. Ndikudzidziwa."

Tinatsika njira ya pakati pa minda ya tiyi, iwo patsogolo, ine pambuyo ndi chikwama pa phewa. Chinali chopepuka kuposa mmene ndinkayembekezera. Ankayenda mofulumira monga mwa masiku onse, kenako n'kukumbuka kuti palibe akuwaitana, n'kuchepetsa, kenako n'kuiwalanso.

"Mukupita kwa mwana ku Mbeya?" ndinafunsa.

"Ndikakuuza, Sisitere adzakufunsa, ndipo iwe udzati ukudziwa koma sunena. Adzakuyang'ana ndi maso aja mpaka udzanena. Kenako Deo akangoyetsemula adzanditumizira ambulansi. Ndipo choopsa n'choti ine ndidzakwera."

"Nanga mukakadwala akakudwazikani ndani kumeneko?"

"Taonani munthu uyu. Ndisanakwere n'komwe basi wayamba kale kundidwalitsa."

Pa siteji panaima basi yopita ku Makambako. Kumeneko msewu umagawikana, wina wa ku Mbeya, wina wa ku Iringa mpaka kunyanja yamchere, ndipo sitima ya pamtunda imaimanso pomwepo, yopita uku ndi uku. Kondakitala anawafunsa kumene akutsikira. Iwo anandiyang'ana ine kaye, kenako anamukokera pafupi n'kumunong'oneza m'khutu. Ndinafuna kunena mawu ena oyenera, poti zaka makumi awiri si masewera, koma onse amene anandibwerera anali a mtundu umene Sisitere amanena. Ndinangowapatsa chikwama.

Anakhala pa zenera, anagula chimanga chootcha kwa mayi wina, anakangana naye kuti n'chokhwima, n'kuyamba kudya basi isananyamuke.

"Umuuze Deo kuti kampando kaja kamagwetsa ukatsamira kumanzere!" anakuwa injini italira.

Basi inakhotera kumpoto n'kulowa m'nkhungu.